Musanamutche waulesi, funsani komwe khama lake linagwera

Kuseri kwa nyumba yanga ku Nkolokosa kuli tizipinda titatu tomwe ndimachititsa lendi, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ogonamo ndi ana a m'mayunivesite a mumzinda muno. Ndimawaona tsiku lofika. Amatsika pakabaza ndi chikwama, ndowa, kambaula ndi kathumba ka ufa womwe mayi awo anakonola okha kumudzi. Miyezi yoyambirira babu la m'chipinda mwawo silizima msanga. Ndikadzuka cha m'ma 1 koloko usiku kukaona ngati geti latsekedwa, ndimamva munthu akudziyankhulira yekha, kubwereza zomwe waphunzira masana. Magetsi akathima amapitiriza ndi tochi ya pafoni mpaka batire litatha.

Pofika chaka chachitatu, ambiri mwa ana omwewo babu lawo limazima 9 koloko isanakwane. Likakhala loyaka, chomveka ndi filimu kapena mpira. Mabuku amatuluka m'chikwama kukatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe.

Akuluakulu anzanga yankho ali nalo kale. Ndimalimva pamaliro, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi ya ku Limbe: ana a masiku ano ndi aulesi, mafoni anawaononga, ife m'nthawi yathu sizinkatero. Mawu amenewa ine ndikuwakana. Ndinaphunzitsa kusekondale zaka zambiri ndisanapume, ndipo msewu womwe mwana amadutsa kuti dzina lake lituluke pa mndandanda wa osankhidwira ku yunivesite womwe limatulutsa bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE ndimaudziwa. Pamafunika makirediti 6 pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, koma okwanitsa zimenezi ndi ochuluka kutalitali kuposa malo omwe alipo m'mayunivesite a boma. Mwana wa pa CDSS yopanda labotale, yemwe ankagawana buku limodzi ndi anzake khumi, n'kudzapeza mapointi omufikitsa ku yunivesite ya MUBAS kapena ya KUHeS, ameneyo ulesi saudziwa. Khama anabwera nalo mumzinda muno. Likasowa pofika chaka chachitatu ndiye kuti lasowera m'manja mwathu, ndipo tiyenera kufunsa kuti lagwera pati.

Chomwe ndaona ine n'chakuti khama limakhazikika pomwe munthu akuona kuti thukuta lake likusintha kanthu. Mlimi akathira fetereza n'kuona chimanga chabiriwira patatha masabata awiri, safuna womudzutsa m'mawa, khasu amalinyamula yekha. Koma mutamupatsa munda woti apalire asapalire zokolola n'zomwezo, chaka chachitatu mudzamupeza pabawo dzuwa lili m'mawa, ndipo mudzamutcha waulesi. Munda wotero ndi womwe ana athu ambiri akulima. Akatswiri awiri a za maganizo a pa yunivesite ya Rochester ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, atha zaka makumi angapo akufufuza chomwe chimachititsa munthu kugwira ntchito mwa kufuna kwake. Iwo anapeza kuti chidwi chochokera mumtima chimakula munthu akamamva kuti ali ndi mawu pa zomwe akuchita, kuti luso lake likupita patsogolo, ndiponso kuti pali anthu omwe amamuwerengera. Ndikayang'ana ana a kuseri kwanga, zitatu zonsezi timawalanda pang'onopang'ono.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndinachionera m'nyumba mwanga momwe. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Phalombe, amaphunzira za kuwerengera ndalama pa yunivesite ina mumzinda muno. Ali chaka chachiwiri anapatsidwa asainimenti yofufuza momwe a malonda ang'onoang'ono amasungira mabuku awo. Mnyamatayo anayenda masabata atatu. Anakhala pansi ndi amayi ogulitsa tomato ku Zingwangwa, anakacheza ndi anyamata a kaunjika ku Limbe, ndipo madzulo ankandifotokozera nsima mpaka kuzizira, kuti wapeza mayi wina wosadziwa kulemba koma ngongole za makasitomala ake onse amazisunga pamtima osaphonya ndi tambala yomwe. Analemba, anafufuta, analembanso. Ndalama yosindikizira ndinapereka ndine. Pepala limenelo sanalionenso. Semesita itatha pakompyuta panangotuluka nambala, 55. Mnzake yemwe anatenga ntchito ya wina wa chaka chatha n'kungosintha dzina anapeza 58. Semesita yotsatira giredi ya phunziro lina inasowa, ndipo anatha mwezi wathunthu akugogoda m'maofesi, kulikonse akumuuza kuti abwere mawa.

Tsiku lina tili pa nsima anangoti, "Malume, kaya uwerenge kaya usawerenge, zimatuluka n'zomwezo." Sanayankhule mokwiya. Anayankhula modekha, ngati munthu amene wapeza yankho la samu yomwe inamuvuta nthawi yaitali, ndipo kudekha kumeneko n'komwe kunandiopsa.

Nambala payokha siphunzitsa munthu. 55 samuuza mwana pomwe anakhoza, samuonetsa pomwe anaphonya, samupatsa chochita mawa. Telala wa pakhonde ku Ndirande akamaphunzitsa mnyamata samuuza kuti wapeza 55. Amatembenuza thalauza, kumuonetsa msoko wokhota, n'kumuuza kuti aumasule ayambirenso. Mnyamatayo amanyinyirika, koma mawa lake msoko umawongoka ndipo amadzionera yekha kuti dzanja lake lasintha. Mwana wa pa yunivesite yemwe mapepala ake sabwerera amatha zaka zinayi asanaonepo dzanja lake likusintha.

Ndikudziwa zomwe aphunzitsi a m'mayunivesite anganene, ndipo sindikuwapeputsa. Kalasi ya ana mazana awiri si yofanana ndi folomu 4 yomwe ndinkaphunzitsa ine. Ambiri amaphunzitsanso a madzulo ndi a Loweruka, ena amasaka maganyu apadera chifukwa malipiro anadyeka ndi kugwa kwa kwacha. Kuchonga mulu wa mapepala n'kulemba ndemanga pa lililonse ndi mtolo wolemera. Koma kuchoka pamenepo kukafika pa kusabweza pepala n'komwe pali mtunda wautali, ndipo m'kati mwa mtundawo muli zambiri zosalira ndalama. Mphunzitsi atha kubweza mapepala n'kupatula mphindi 20 kufotokoza zolakwa zomwe ambiri anagweramo. Atha kuonetsa yankho limodzi labwino ndi limodzi lofooka, mayina atabisa, kalasi n'kukambirana pomwe akusiyana. Ophunzira a chaka chomaliza atha kutsogolera timagulu ta a chaka choyamba, yunivesite n'kuwachotserako pa fizi. Mu Meyi 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo iliyonse tsopano imadziikira malamulo ake. Mphamvu imeneyi, pamodzi ndi ya mayunivesite omwe si a boma, ndikupempha kuti iikepo lamulo limodzi losavuta: mayeso omaliza asalembedwe mwana asanaone mapepala ake onse a m'kati mwa semesita. Kaya fizi analipira ndi ngongole, kaya ndi mbuzi za agogo ake, pepalalo ndi lake.

Njala nayo ili pomwepo, ndipo apa ife akuluakulu tinene zoona. University of Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri konkuno, ophunzira anali pafupifupi 90, ndipo Polytechnic inalowa m'banja la yunivesiteyi mu 1967. Omwe anaphunzira m'zaka zimenezo ndi zotsatira zake ankagona m'hositelo, kudya katatu kukafiteriya, n'kulandiranso kandalama ka m'thumba. Ntchito yawo inali kuwerenga basi, ndipo akamaliza olemba ntchito ankachita kuwalimbirana. Lero mahositelo sakwana. Ana ambiri ali m'tizipinda ta ku Chitawira, Naperi, Manja, Zingwangwa ndi kuno ku Nkolokosa, komwe amadziphikira, kusaka madzi mipopi ikauma, ndi kuyenda wapansi m'mawa ndi madzulo chifukwa ya minibasi palibe. Kuyerekeza mwana ameneyu ndi wa mu 1975 n'kumulakwira.

Mtsikana wina yemwe ankakhala m'chipinda chapakati ndinkamuona Lamlungu madzulo akugawa makala m'timilu tisanu ndi tiwiri kuti amufikitse Loweruka. Ankadya kamodzi patsiku, usiku, nsima ya bonya, kapena ya soya likakhala tsiku labwino. Tsiku lina mkazi wanga anamupeza atakhala pakhonde nthawi ya kalasi.

"Mwanawe, lero sukupita kusukulu?"

"Amayi, ndikapita ndimangoona pakamwa pa aphunzitsi pakugwedera, m'mutu simukulowa kanthu."

Sanali kunama. Mu 2013 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku yemwe anachitika pakati pa alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu m'dziko la India. Alimiwa ndalama yawo yaikulu imabwera kamodzi pachaka, akakolola. Ofufuza anawapatsa mayeso a kaganizidwe kawiri, asanakolole pomwe ndalama zinali zitawathera, ndiponso atakolola n'kulandira malipiro. Anthu omwewo, mitu yomweyo, anakhoza bwino ali ndi ndalama kusiyana ndi nthawi ya usiwa. Ofufuzawo anafotokoza kuti nkhawa ya ndalama imatenga malo m'mutu, malo omwe akanagwira ntchito ina. Mwana amene akuwerengera makala, lendi ndi bandulo ya intaneti akuchita kale masamu tsiku lonse, ndipo masamu a m'kalasi amapeza mutu utatopa.

Boma linakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede mu 2015, ndipo ana ambiri a alimi ali m'kalasi lero chifukwa cha bungweli. Koma thumba lake silikwanira onse opempha, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya chakudya ndi lendi inasanduka bulangete lalifupi, ukafunda kumutu miyendo ili pamtunda. Ndalama imeneyi iyenera kufika sabata yoyamba ya semesita. Ikachedwa imapeza mwana atakongola kale katapila, ndipo imangodutsa m'manja. Inunso amene munaphunzira ndi ngongole ya boma zaka zapitazo, lero muli m'maofesi a mu Victoria Avenue koma simunabweze, ndalama yomwe mwasungayo ndi yomwe ikanagulira makala mtsikana uja.

Kwa atsikana njala sibwera yokha. Magalimoto omwe amaima pafupi ndi mahositelo Lachisanu madzulo tonse timawaona, ndipo eni ake ambiri ndi amuna a msinkhu woti n'kukhala bambo awo. Palinso aphunzitsi ena, ochepa koma alipo, omwe amasandutsa giredi kukhala nyambo. Mtsikana akangodziwa kuti kukhoza kwake kuli m'manja mwa munthu wotero, buku limatha ntchito. Yunivesite iliyonse ikhale ndi khomo lodandaulirako lomwe mwana angagogode osaopa kuti mawa yemwe wamunenezayo ndi yemwe adzachonge pepala lake.

Tinakangana zaka zambiri za kota, ndondomeko yosankha opita ku yunivesite potengera dera lomwe amachokera, mpaka boma linaithetsa mu 2020. Mkangano wonsewo unali wa pakhomo, kuti alowe ndani. Za momwe mwana akukhalira akalowa sitinakambe mokwanira. Ana ambiri amalemba fomu yosankhira maphunziro asanaonepo injiniya kapena wopima malo ndi maso awo. Ena amachita kulemberedwa ndi bambo awo, udokotala, zamalamulo, uinjiniya, chifukwa ndi zomwe zimamveka bwino pamudzi. Ena amatengedwa pa phunziro lomwe analilemba kumapeto pongofuna kudzaza mzere. Zaka zinayi kapena zisanu kusenza mtolo wosadzimangira wekha zimatopetsa ngakhale munthu wamphamvu. M'mera mpoyamba. Akatswiri a ntchito zosiyanasiyana azipita kukayankhula ndi ana a folomu 3, ndipo chaka choyamba cha yunivesite chikhale ndi mpata woti mwana yemwe wasokera asinthe phunziro asanachotsedwe sukulu chifukwa cholephera. Makolofe tiziyamba tafunsa mwana chomwe chimamukoka mtima tisanamuuze chomwe chimatikoka ife.

Koma sikuti zonse zomwe ndimaona ndi zodandaulitsa. Pabwalo panga pali mtengo wa mango, ndipo pansi pake ndi pomwe ndaonera kuphunzira kwenikweni. Loweruka masana amasonkhana asanu kapena asanu ndi mmodzi, atatsamiritsa kachidutswa ka pulayiwudi patsinde kuti kakhale bolodi. Tsiku lina ndinamva mnyamata wina akufotokozera mnzake za magetsi, zomwe mnzakeyo anazimva katatu m'kalasi osatolapo kanthu. "Aise, tangoganiza kuti ndi paipi ya madzi. Voteji ndi mphamvu yomwe ikukankha madziwo, karenti ndi madzi omwe akudutsa. Paipi ikachepa, madzi adutsa bwanji?" Mnzakeyo anakhala chete, kenako anawomba m'manja kamodzi n'kulanda choko. Anamaliza yekha samuyo.

Chinamasula mutu wake chinali Chichewa, komanso kuti wofunsidwayo anali mnzake. M'kalasi yaikulu, mwana wochokera ku CDSS ya kumudzi amakhala moyandikana ndi wochokera kusukulu yolipira komwe Chingerezi chinali cha pabwalo la masewera. Akaimika dzanja n'kuphonya liwu limodzi, kalasi imaseka, ndipo dzanja limenelo silidzaimikidwanso mpaka digiri itatha. Timati safunsa anadya phula, koma tamanga makalasi omwe wofunsa ndi amene amachita manyazi. Sindikuti Chingerezi chichotsedwe. Mabuku ali m'Chingerezi, mayeso ali m'Chingerezi, ndipo mwana ayenera kuchidziwa bwino. Ndikuti mphunzitsi asachite manyazi kutembenuza mfundo yovuta m'Chichewa kwa mphindi imodzi, ndipo asalole kuti kalasi iseke wofunsa. Kupatula apo, dokotala yemwe akuphunzira ku Queens adzafunsa wodwala pomwe pakupweteka m'Chichewa, ndipo injiniya adzauza amisiri kasakanizidwe ka simenti m'Chichewa. Amene sangathe kufotokozera agogo ake zomwe waphunzira, ndimakayika ngati wazimvetsa.

Timagulu ta pansi pa mango tili ndi mphamvu inanso yomwe eni ake saidziwa. Kalekale mu 1885, Mjeremani wina dzina lake Hermann Ebbinghaus anaonetsa kuti zomwe taloweza zimathawa mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa masiku kumazisunga kuposa kuzipanikiza nthawi imodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwerezabwereza, ena anawerenga n'kutseka pepala, kulemba zonse zomwe akukumbukira. Patatha mphindi zisanu obwereza aja ndiwo anakhoza, ndipo ndiwonso ankadzidalira kuti adzakumbukira. Patatha sabata imodzi zinatembenuka, odziyesa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Mwana akaima pabolodi kufotokozera anzake buku lili chitsekere, akuchita zomwe anachita odziyesa aja. Koma akakhala yekha usiku wonse kuyendetsa maso pa manotsi omwewo, akumva ngati zalowa pomwe zangozolowereka m'maso. Apa ndiye pali gawo la mwana mwini wake, ndipo ndimawauza a kuseri kwanga mosabisa: tsekani buku mudzifunse, yankhani mapepala a zaka zam'mbuyo musanasuzumire mayankho, werengani pang'ono tsiku lililonse kuyambira sabata yoyamba, ndipo gonani. Kuchezera usiku wa mayeso ndi khofi kumathandiza kudutsa mawa, koma ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira munthu ali m'tulo. Njira zimenezi zinayenera kuphunzitsidwa mwezi woyamba wa chaka choyamba, chifukwa kusekondale tinawazoloweza kuloweza, ndipo mlandu umenewo ife aphunzitsi a kusekondale tili nawo gawo.

Wina anena kuti ndikuikira kumbuyo ana osamvera. Alipo ndithu omwe fizi yawo imalipidwa yonse, chakudya chilipo, koma Lachinayi ali kale kumowa ku Kamba. Alipo omwe ndalama ya lendi amaithera pa kubetcha mpira pafoni. Alipo olowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, ndipo kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, alipo omwe asainimenti yonse amailembetsa kwa makina. Mmodzi ndinamutulutsa m'nyumba mwanga chifukwa cha phokoso ndi mowa, ndipo sindinong'oneza bondo. Munthu wa zaka 20 ndi wamkulu, ayenera kuyankha pa zochita zake. Koma aulesi otere analipo ngakhale m'nthawi ya kafiteriya, ndipo sindiwo ambiri. Omwe akundidetsa nkhawa ndi aja anabwera ndi moto n'kuzimira pakati. Ndipo za makinawo, tidzifunse bwino. Mwana amene waona kuti pepala lomwe analikhetsera thukuta masabata atatu silinabwerere, chingamuletse n'chiyani kulembetsa lotsatiralo kwa ChatGPT? Mankhwala ake si kulondalonda mafoni. Mphunzitsi atangotenga ana angapo mwa apo ndi apo n'kuwafunsa kwa mphindi zisanu kuti afotokoze zomwe alemba, kalasi yonse ingadziwe kuti pali munthu yemwe amawerenga, ndipo ambiri angayambe kulemba okha.

Chomwe chimafooketsa kuposa zonse mwina chili kunja kwa mpanda wa yunivesite. Mwana wa chaka chachiwiri ali ndi mkulu wake yemwe anavala gauni zaka zitatu zapitazo, ndipo mpaka lero akuyenda ndi envelopu ya khaki m'maofesi. Amamva kuti ntchito inalengezedwa m'nyuzipepala mwini wake atapezeka kale. Amaonanso kuti digiri ya zaka zinayi itha kutenga zisanu kapena kuposerapo. Mu 2011 mkangano wa ufulu wa aphunzitsi unaimitsa maphunziro ku Chancellor College kwa miyezi yambiri, mu Malichi 2020 Covid-19 inatseka sukulu zonse, ndipo pakatipa sitalaka ya aphunzitsi kapena zionetsero za fizi sizisowa. Akaphatikiza zonsezi, kodi tikudabwa kuti akuyamba geni ya mafoni n'kumajomba m'kalasi? Olemba ntchito amene amatenga mwana wa mnzawo kusiya wokhoza bwino akuphunzitsa phunziro lomwe limafika m'chipinda chilichonse cha ku Chitawira msanga kuposa la mphunzitsi aliyense.

Komabe ndaonapo moto wozima ukuyakanso, ndipo kawirikawiri umayaka mwana akagwira ntchito yeniyeni ndi manja ake. Mnyamata wina wa za zomangamanga anapita kukaphunzira ntchito pa kampani ina miyezi itatu ali wofooka, wongofuna kumaliza. Anabwerako akuyankhula za konkire ngati mlaliki. Anali ataona ndi maso ake kuti madzi akachuluka m'ntchito yosakaniza, konkire imafooka, ndipo anakatsegulanso manotsi a chaka chachiwiri omwe anawaloweza osawamva. Mzinda wa Blantyre uli ndi mafunso okwanira kudzaza maasainimenti a zaka khumi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo funso loti anthu amange pati ndiponso motani likadalipo. Madzi omwe timamwa ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire kukwera mtunda wonsewo ndi magetsi okwera mtengo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo tinakhala mumdima miyezi yambiri. Mtsinje wa Mudi aliyense amaudziwa ndi mphuno. Kolera anatikantha mu 2022 ndi 2023 mpaka kutsegulira kwa sukulu kunachedwetsedwa mumzinda muno. Bwanji mwana wa uinjiniya, wa zaumoyo kapena wa zamalonda azitha zaka zinayi akuyankha mafunso a m'mabuku olembedwera mizinda ya kutali, pomwe ngalande yomwe amadumpha popita kukalasi ikudikira woiyeza? Mafakitale a ku Makata ndi Chirimba, khonsolo ya mzinda ndi zipatala atsegule zitseko kuyambira chaka chachiwiri, osadikira chomaliza.

Mphwanga uja tsopano ali chaka chachitatu. Semesita yathayi anakumana ndi mphunzitsi wina, mayi, yemwe anabweza mapepala a mayeso oyamba patangotha masabata awiri. Anabwera nalo kunyumba atalipinda m'thumba la malaya. Anapeza 47, kutsika kuposa 55 uja. Koma pepalalo linali lofiira ndi inki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pena analemba kuti njira wayamba bwino koma wasokoneza pa mzere wachitatu, pena anazunguliza nambala n'kufunsa kuti yachokera kuti. Pansi penipeni analemba dzina lake, n'kumuuza kuti abwere ku ofesi Lachinayi ndi funso lachiwiri atalikonzanso.

"Malume, awa anawerengadi," anatero, akundionetsa ndi chala mzere ndi mzere.

Lachinayi anapita. Pepalalo analimata pakhoma pamwamba pa tebulo lake, ndipo lidakali pomwepo. Loweruka lotsatira anandipempha kuti ndisatseke geti msanga, chifukwa anzake anayi abwera ndi mapepala awo kuti adzayerekeze pomwe aliyense anaphonya, ndipo anabwereka babu la pakhonde kuti akalimangirire pa nthambi ya mango.